Gary Lineker: Mwana wa ku Leicester amene adatchuka ku Spain

Loweruka likafika, ana ambiri amakumana ku Spinney Hill Park kuti asewere mpira wamiyendo. Munthu akaima chapatali n'kutchera khutu, amamva zinenero zosiyanasiyana. Ena amaitana anzawo m'Chingerezi, ena m'Chigujarati, ena m'Chisomali, ndipo ena m'Chichewa. Koma mpira ukangolowa m'golo, onse amakuwa mofanana.

Mumzinda womwewu wa Leicester mudakulira mnyamata wina amene adasanduka mmodzi mwa akatswiri ogoletsa zigoli padziko lonse. Dzina lake ndi Gary Lineker. Iye adachoka kwawo n'kukakhala mlendo m'dziko la Spain, komwe sankadziwa chinenero cha anthu ake. Nkhani yake ikuonetsa momwe munthu angakhalire bwino kwa eni, osaiwala kumene udagwera mchombo wake.

Mwana wa pamsika

Gary Lineker adabadwa pa 30 Novembala 1960 ku Leicester. Makolo ake adamupatsanso dzina loti Winston chifukwa adabadwa pa tsiku lomwe mtsogoleri wakale wa dziko la Britain, Winston Churchill, ankakumbukira kubadwa kwake.

Bambo ake a Gary ankagulitsa zipatso ndi ndiwo zamasamba pamsika waukulu wa Leicester, monga momwe ankachitira agogo ake. Ntchito imeneyi ndi yolawirira. Wogulitsa amayenera kudzuka kusanache, kukatenga katundu ndi kumuyala pabenchi ogula asanafike, ngakhale m'nyengo yozizira kwambiri. Gary ankathandiza nawo pabenchipo, ndipo adaona ndi maso ake kuti ndalama imabwera ndi thukuta.

Atamaliza sukulu ya pulayimale, adakaphunzira ku City of Leicester Boys' Grammar School ku Evington, dera loyandikana ndi Spinney Hill. Kumeneko ankakonda masewero awiri: mpira wamiyendo ndi kiriketi. Pa kiriketi adali waluso kotero kuti adasankhidwa kukhala mtsogoleri wa timu ya ana asukulu a m'chigawo cha Leicestershire. Aphunzitsi ena adadandaula pa lipoti lake kuti mnyamatayo ankaika mtima wake wonse pa mpira, ndipo ankaona kuti mpirawo sudzamudyetsa. Nkhawa yawo idali yomveka, pakuti mwa ana zikwizikwi amene amalota zodzakhala akatswiri, ndi owerengeka okha amene amafikako.

Chiyambi chovuta ku Filbert Street

Atachoka kusukulu, Gary adalowa m'gulu la achinyamata la timu ya Leicester City. Masiku amenewo timuyi inkasewerera pabwalo la Filbert Street. Masewero ake oyamba m'timu yaikulu adachitika pa 1 Januwale 1979, pomwe Leicester City idakumana ndi Oldham Athletic.

Zinthu sizidayende msanga. Kwa zaka zingapo ankangolowa ndi kutuluka m'timu, ndipo zigoli zinkabwera mwa apo ndi apo. Adali ndi liwiro lalikulu koma thupi lake lidali laling'ono poyerekeza ndi otchinga kumbuyo amene ankalimbana nawo. Iye sadataye mtima. Adayamba kuphunzira chinthu chimodzi chofunika: kudziwa pamalo pomwe mpira ugwere usanafike.

Wogoletsa wabwino sadikira kuti aone kumene mpira ukupita, chifukwa akatero wotchinga amauonanso nthawi yomweyo. M'malo mwake amathamangira pamalo popanda munthu, kuyembekeza kuti mnzake aponya mpira pomwepo. Nthawi zambiri mpirawo subwera, ndipo iye amabwerera chimanjamanja. Koma akapitiriza kutero, nthawi ina mpira umam'peza ali yekha pafupi ndi golo. Oonerera amati wachita mwayi, osadziwa kuti wathamanga kambirimbiri pachabe. Ndi chifukwa chake zigoli zambiri za Lineker zidali zapafupi, zongogunda kamodzi.

Khama lake lidabala zipatso. M'nyengo ya 1982/83 adagoletsa zigoli 26 ndi kuthandiza Leicester City kukwera m'ligi yaikulu ya ku England. M'nyengo ya 1984/85 adagoletsa zigoli 24, ndipo palibe wosewera amene adamuposa m'ligiyo. Pomwe ankachoka ku Leicester City n'kuti ataigoletsera zigoli 103.

Mu 1985 timu ya Everton ya mumzinda wa Liverpool idamugula ndi mapaundi 800,000. Adakhalako chaka chimodzi chokha, koma adagoletsa zigoli 30 m'ligi n'kukhalanso patsogolo pa ogoletsa onse.

Nsapato yagolide ku Mexico

Mu 1986 mpikisano wa chikho cha dziko lonse udachitikira ku Mexico. Timu ya England idayamba moipa. Idagonja kwa Portugal, kenako idalepherana ndi Morocco popanda wogoletsa. Ikadagonjanso kwa Poland, bwenzi itabwerera kwawo mwamanyazi. Lineker adalowa m'bwalo dzanja lake lili lomanga chifukwa adali atavulala, koma adagoletsa zigoli zitatu chigawo choyamba chisanathe.

Adagoletsanso ziwiri pokumana ndi Paraguay, ndi chimodzi pokumana ndi Argentina. England idatuluka mumpikisanowo itagonja kwa Argentina 2-1, pamasewero omwe Diego Maradona adagoletsa chigoli china ndi dzanja. Ngakhale zidali choncho, zigoli 6 za Lineker zidaposa za wina aliyense. Maradona, Careca wa ku Brazil ndi Emilio Butragueño wa ku Spain adagoletsa 5 aliyense. Lineker adalandira mphotho ya nsapato yagolide, ndipo adali Mngerezi woyamba kuilandira.

Mlendo ku Barcelona

Chaka chomwecho timu ya Barcelona ya ku Spain idamugula ndi mapaundi 2.8 miliyoni. Mphunzitsi wa timuyo adali Mngerezi mnzake, Terry Venables. Komabe osewera ambiri, ochemerera, atolankhani, ogulitsa m'masitolo ndi anthu oyandikana nawo nyumba sankayankhula Chingerezi. Mumzinda wa Barcelona anthu amayankhula zinenero ziwiri: Chisipanishi, chomwe chimamveka m'dziko lonselo, ndi Chikatalani, chomwe ndi chinenero cha makolo a m'chigawo cha Catalonia. Ana a kumeneko amakula akudziwa zonse ziwiri.

Lineker akadatha kumangokhala m'nyumba, kumacheza ndi oyankhula Chingerezi okhaokha. Iye adasankha njira ina. Pamodzi ndi mkazi wake adayamba kupita kukaphunzira Chisipanishi. Munthu amene dziko lonse linkamudziwa adakhala pampando ngati mwana wa sukulu, kuphunzira kupereka moni, kuwerenga manambala ndi kufunsa mtengo wa zinthu. Ankalakwitsa, monga amachitira aliyense wophunzira chinenero, koma sadaleke kuyankhula. Posakhalitsa adayamba kuseka nthabwala za anzake ndi kuyankha yekha mafunso a atolankhani.

Chinenero chidamutsegulira zitseko. Wosewera kutsogolo sadziponyera yekha mpira. Amadalira anzake, ndipo amayenera kuwauza komwe akufuna kuti mpirawo uzigwera. Ochemerera nawo adaona kuti mlendoyo akulemekeza kwawo, choncho adamulandira ngati mwana wawo.

Nthawi yomweyo Barcelona idagulanso Mark Hughes, wosewera wa ku Wales, kuchokera ku Manchester United. Hughes adali wamphamvu ndi waluso, koma adali wamng'ono, wa zaka 22, ndipo moyo wa ku Spain sadauzolowere. Patangotha chaka adapita ku Bayern Munich ku Germany, kenako adabwerera ku Manchester United komwe adachita zazikulu. Izi zikusonyeza kuti luso lokha silikwanira munthu akakhala kwa eni. Pamafunikanso kuzolowerana ndi anthu.

Ku Spain palibe masewero amene amagwedeza dziko kuposa a Barcelona ndi Real Madrid. Pa 31 Januwale 1987 matimu awiriwa adakumana pabwalo la Camp Nou. Lineker adagoletsa zigoli ziwiri m'mphindi zochepa zoyambirira, n'kuwonjezera chachitatu m'chigawo chachiwiri. Barcelona idapambana 3-2. Mpaka lero ochemerera achikulire a timuyo amalikumbukira tsikulo.

Pasanathe milungu itatu, pa 18 Febuluwale, timu ya England idapita ku Madrid kukasewera ndi timu ya dziko la Spain. England idapambana 4-2, ndipo zigoli zonse zinayi adagoletsa ndi Lineker. Pagolo la Spain padali Andoni Zubizarreta, mnzake yemwe ankasewera naye ku Barcelona.

Pamene zinthu zidatembenuka

Mu 1988 Barcelona idatenga chikho cha Copa del Rey. Koma chaka chomwecho Lineker adadwala matenda a chiwindi omwe adamufooketsa kwa nthawi yaitali. Atachira adapeza kuti timu ili ndi mphunzitsi watsopano, Johan Cruyff wa ku Netherlands. Cruyff adamuchotsa pakati, pomwe adazolowera, n'kumuika kumbali ya kudzanja lamanja, kutali ndi golo. M'nyengo imeneyo adangogoletsa zigoli 6 m'ligi.

Kwa munthu amene ntchito yake ndi kugoletsa, zimenezi zidali zowawa. Iye sadagwirizane nazo, komabe sadanyanyale. Ankasewera pomwe wauzidwa. Mu Meyi 1989 Barcelona idafika m'ndime yomaliza ya chikho china cha matimu a ku Ulaya, ndipo idakumana ndi Sampdoria ya ku Italy mumzinda wa Bern. Masewero atangoyamba, Lineker adaponya mpira kuchokera kumbali komwe sankakukondako, ndipo udathera m'chigoli cha Julio Salinas. Barcelona idapambana 2-0 n'kutenga chikhocho.

Atatha zaka zitatu ku Spain, adabwerera ku England. Adasiya mbiri ya zigoli 42 m'masewero 103 a ligi, ndipo adabwerako ndi chinenero chimene akuchiyankhulabe mpaka pano.

Wosewera wopanda khadi

Lineker adalowa timu ya Tottenham Hotspur ya ku London. M'nyengo ya 1989/90 adakhalanso patsogolo pa ogoletsa onse m'ligi, ndipo mu 1991 timuyo idatenga chikho cha FA itagonjetsa Nottingham Forest. Pampikisano wa dziko lonse wa 1990 ku Italy adagoletsa zigoli zinayi. Ziwiri mwa izo zidali mapenate omwe adatulutsa Cameroon, timu yoyamba ya mu Africa kufika m'ndime ya matimu asanu ndi atatu.

Timu ya England adaisewerera masewero 80 n'kugoletsa zigoli 48. Pa nthawiyo yemwe adali ndi zigoli zambiri adali Bobby Charlton, ndi zigoli 49. Mu 1992 Lineker adapeza mwayi wa penate pokumana ndi Brazil koma adaiphonya, ndipo sadagoletsenso mpaka adasiya kusewerera dziko lake. Adatsala ndi chigoli chimodzi chokha. Ngakhale akatswiri sapeza zonse zimene amafuna. Adamalizira mpira wake ku Nagoya Grampus Eight ku Japan, komwe chala cha kuphazi chidamuvutitsa mpaka adapuma mu 1994.

Pali chinthu china chimene anthu amachikumbukira kuposa zigoli. M'zaka 16 zimene adasewera mpira, Lineker sadalandirepo khadi lachikasu kapena lofiira. Otchinga kumbuyo ankamukankha, kumuponda ndi kumukoka malaya, koma iye sankabwezera. Ankadzuka, kudzisansa fumbi ndi kubwerera pamalo pake. Ankadziwa kuti wosewera akapsa mtima amaiwala kuyang'ana mpira. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mu 1990 bungwe loyendetsa mpira padziko lonse la FIFA lidamupatsa mphotho chifukwa cha khalidwe limeneli.

Kwawo sadakuiwale

Atasiya kusewera, Lineker adaphunzira ntchito ina, yowulutsa mawu. Kuyambira mu 1999 mpaka mu 2025 ankatsogolera pulogalamu ya mpira ya Match of the Day pa kanema wa BBC. Mnyamata wa pamsika uja adakhala zaka 26 akudya ndi pakamwa pake, kufotokozera anthu mamiliyoni za mpira.

Mu 2002 Leicester City idagwa m'ngongole zazikulu moti ikadatha kutheratu. Lineker adatsogolera gulu la anthu amene adasonkha ndalama n'kuipulumutsa, ndipo iye adaperekanso zake. Patatha zaka 14, mu 2016, timu yomweyo idadabwitsa dziko lonse potenga chikho cha Premier League. Pamalo pomwe padali bwalo la Filbert Street lero pali msewu wotchedwa Lineker Road.

Akatswiri a ku Malawi

Dziko la Malawi nalo lili ndi ogoletsa ake otchuka. Kinnah Phiri, yemwe ankasewera ku Bata Bullets ya ku Blantyre, adagoletsera timu ya dziko zigoli 71. Adali m'timu imene idatenga chikho cha mayiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa mu 1978 ndi mu 1979. Pambuyo pake adakhala mphunzitsi wa Flames, n'kuitsogolera kumpikisano wa mayiko a mu Africa ku Angola mu 2010, komwe idagonjetsa Algeria 3-0.

Masiku ano mbiri ili pa atsikana awiri apachibale ochokera ku Rumphi. Tabitha Chawinga adaposa ogoletsa onse m'ligi ya amayi ya ku Italy m'nyengo ya 2022/23, ndipo mng'ono wake Temwa adachita chimodzimodzi ku America mu 2024. Monga Lineker, onsewa adakhalapo alendo m'mayiko a eni, pakati pa anthu oyankhula zinenero zina, koma dziko lawo likawaitana amabwerera kudzavala malaya a Scorchers.

Mwana wa ku Spinney Hill amene amayankhula Chingerezi kusukulu ndi Chichewa kunyumba ali kale ndi chuma chimene Lineker adachivutikira atakula. Chinenero chimodzi chimamuthandiza kukhala bwino ndi anzake a ku Leicester. Chinacho chimamulola kucheza ndi agogo ake a ku Dedza, ku Chipata kapena ku Angónia popanda womasulira.

Matanthauzo a mawu

katswiri: munthu wodziwa kwambiri ntchito kapena masewero ena ake

kulawirira: kudzuka ndi kuyamba ntchito kapena ulendo m'mamawa kwambiri

chimanjamanja: wopanda kanthu kalikonse m'manja

kulepherana: kumaliza masewero popanda wopambana

ochemerera: anthu amene amalimbikitsa timu yawo poimba ndi kukuwa

kunyanyala: kukana kuchita chinthu chifukwa chokhumudwa

kudekha: kuchita zinthu mofatsa, mopanda phuma

Ntchito A: Kuyankha mafunso

Yankhani mafunso awa m'ziganizo zomveka bwino.

1. Kodi bambo ake a Gary Lineker ankagwira ntchito yanji?
2. N'chifukwa chiyani aphunzitsi ena ankada nkhawa ndi Gary?
3. Fotokozani chimene wogoletsa wabwino amachita mpira usanafike.
4. Tchulani zinenero ziwiri zimene anthu a ku Barcelona amayankhula.
5. Kodi kuphunzira Chisipanishi kudamuthandiza bwanji Lineker? Perekani mfundo ziwiri.
6. Kodi Lineker adachita chiyani mphunzitsi atamuika pamalo pomwe sankapakonda?
7. Kodi Lineker adaonetsa bwanji kuti sadaiwale kwawo?
8. Inu mukadakhala Lineker, wina n'kukupondani mwadala m'bwalo, mukadatani? Perekani chifukwa.

Ntchito B: Zining'a ndi miyambi

Perekani matanthauzo a zining'a izi, zomwe zili m'nkhaniyi, ndipo mupange chiganizo ndi chilichonse.

1. kutaya mtima
2. kupsa mtima
3. kuika mtima
4. kumene udagwera mchombo

Kambiranani m'magulu momwe miyambi iyi ikugwirizanira ndi moyo wa Lineker.

1. Kuona maso a nkhono n'kudekha.
2. Mutu umodzi susenza denga.
3. Safunsa adadya phula.
4. Kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka.

Ntchito C: Mgwirizano wa mawu

Sinthani ziganizo izi kuti zinene zinthu zambiri.

Chitsanzo: Chigoli chake chidali chokongola. Zigoli zake zidali zokongola.

1. Chikho chathu chasowa.
2. Wosewera uyu ndi waluso.
3. Bwalo lawo ndi lalikulu.
4. Mpira wanga waphulika.
5. Chinenero ichi ndi chosavuta.

Ntchito D: Kucheza ndi kulemba

Kunyumba, funsani makolo kapena agogo anu m'Chichewa za masiku awo oyamba ku Leicester. Muwafunse mwaulemu kuti akuuzeni mawu oyamba a Chingerezi amene adaphunzira, zimene zidawavuta, ndi amene adawathandiza. Kenako lembani chimangirizo cha ndime zitatu pamutu woti "Mlendo amene adazolowera". Mudzawerengere anzanu m'kalasi.